Mpata wa Malacca ndi mapulani a nkhondo a China

Kufupi ndi Singapore kuli malo amene nyanja imapanikizika moti njira yoyendamo sitima zikuluzikulu imatsala makilomita osakwana atatu m'lifupi. Malowa ndi Phillips Channel, khomo la kummwera la mpata wa Malacca, womwe umalekanitsa Malaysia ndi chilumba cha Sumatra cha ku Indonesia pa mtunda wa makilomita oposa 800. Usana ndi usiku pamadutsa sitima zonyamula mafuta osayenga ochokera ku Saudi Arabia, Iraq, Oman, Iran ndi Angola, ndipo zambiri zimakatula katunduyo pa madoko a ku China. Sitima yaikulu imodzi imasenza migolo 2 miliyoni, ndipo mgolo umodzi ndi malita 159. M'chaka cha 2023 dziko la China linkagula kunja migolo yoposa 11 miliyoni patsiku, kutanthauza kuti dzuwa likamalowa tsiku lililonse payenera kukhala patafika mafuta odzaza sitima zazikulu zisanu ndi kena pamwamba. Mwa mafuta onse amene dzikoli limagwiritsa ntchito, oposa 70 peresenti ndi ogula kunja, ndipo gawo lalikulu la amenewo limadzera pa Malacca.

Nyanja zimene mafutawa amayendamo sizili m'manja mwa China. Gulu la sitima zankhondo za America lotchedwa Fifth Fleet lili ndi likulu ku Bahrain, m'nyanja ya Gulf kumene ulendo wa mafuta ambiri umayambira. Pakati pa nyanja ya Indian pali kampu ya asilikali a America ndi Britain pa chilumba cha Diego Garcia. Pakhomo la kumpoto la Malacca pali zilumba za Andaman ndi Nicobar, kumene India inakhazikitsa likulu la asilikali ake a m'chigawocho mu 2001. Ku Singapore, sitima za America zimakocheza pa doko la Changi. Taganizani dziko lachiwiri pa chuma padziko lonse, lomwe likukokanakokana ndi America pa nkhani ya Taiwan, chilumba chodzilamulira chomwe China imati ndi chake, koma mafuta a magalimoto ake, ndege zake ndi mafakitale ake amadutsa pabwalo pa mnzake wolimbana nayeyo kangapo konse asanafike kwawo.

Ambiri akamva izi amafulumira kunena kuti China yagwidwa pakhosi, America ikangotseka mpope nkhondo yatha. Ine sindikuona choncho. Kutseka njira ya mafuta sikungaimitse ndege kapena sitima zankhondo za China m'sabata yoyamba, ngakhale m'mwezi wachitatu. Chimene mafutawa amachita ndi kuika wotchi pa nkhondoyo. Amauza mbali iliyonse kuti ifune nkhondo yaitali bwanji, yomenyedwera kuti, ndipo yoyamba liti. Mapulani a mbali zonse ziwiri aumbidwa ndi wotchi imeneyi, ndipo chimene chimandiopsa ndi chakuti n'zosavuta kuiwerenga molakwika.

Dziko lomwe linkagulitsa mafuta

China sinayambe ndi kugula. Mu 1959 anapeza mafuta ambiri ku Daqing, kumpoto chakummawa kwa dzikolo, pa nthawi imene ubale ndi Soviet Union unayamba kusokonekera. Boma la Mao Zedong linasandutsa Daqing chizindikiro cha kudzidalira, ndipo wokumba zitsime wina, Wang Jinxi, anamutcha "munthu wachitsulo" n'kumaphunzitsa mbiri yake kwa ana asukulu. Mu 1963 boma linalengeza kuti dzikolo likudzikwanira pa mafuta, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 linkagulitsanso ena ku Japan. Koma mafakitale atachuluka pambuyo pa kusintha kumene anabweretsa Deng Xiaoping, zitsime zakwawo zinalephera liwirolo. Mu 1993 China inayamba kugula mafuta ambiri kuposa amene inkagulitsa. Mu 2017 inapitirira America n'kukhala dziko logula mafuta osayenga ochuluka kuposa lina lililonse.

Chaka chomwecho cha 1993 panachitika chinthu chimene akuluakulu a ku Beijing sanachiiwale. America inati sitima yamalonda ya ku China yotchedwa Yinhe yanyamula mankhwala opangira zida za poizoni, ikupita nawo ku Iran. Sitima zankhondo za America zinaitsata, madoko a ku Gulf anaikaniza kukocheza, ndipo inangokhala ikuyandama panyanja kwa masabata angapo mpaka China inavomera kuti aisechere ku Dammam, ku Saudi Arabia. Sanapezemo kanthu, ndipo America sinapepese. Patapita zaka zitatu, mu Malichi 1996, China itaponya mizinga m'nyanja kufupi ndi Taiwan, America inatumiza magulu awiri a sitima zonyamula ndege, China n'kusowa choyankha. Choncho pamene mtsogoleri Hu Jintao ankachenjeza akuluakulu a chipani mu Novembala 2003 kuti mayiko ena amphamvu akufuna kulamulira njira ya Malacca, omvera ake ankadziwa kale kuwawa kwa kuima panyanja wopanda mphamvu. Kuchokera pamenepo olemba za chitetezo anayamba kunena za "vuto la Malacca".

Zimene zinachitikira Japan

Aliyense wophunzira nkhaniyi, kaya ku Beijing kaya ku Washington, amabwerera ku Japan ya 1941, chifukwa apo ndi pamene dziko lamphamvu lodalira mafuta akunja linadulidwa mafutawo dziko lonse likuona. Japan inkagula kunja pafupifupi 90 peresenti ya mafuta ake, ndipo ochuluka kwambiri, cha m'ma 80 peresenti, ankachokera ku America komweko. Inali kale pa nkhondo ndi China kuyambira 1937. Mu Julayi 1941 asilikali ake atalowa kummwera kwa Indochina, dera lomwe linali m'manja mwa France, Pulezidenti Franklin Roosevelt anatseka chuma chonse cha Japan chomwe chinali ku America. Britain ndi boma la Adatchi lomwe linkalamulira Indonesia wa lero anachitanso chimodzimodzi. Pofika Ogasiti mafuta anasiya kubwera.

Ku Washington ambiri ankayembekezera kuti Japan igwada. Ku Tokyo anawerenga mosiyana. M'nkhokwe munali mafuta okwana zaka ziwiri basi, ndipo kukhala nkhondo akanatha msanga kuposa pamenepo. Tsiku lililonse lokambirana linali tsiku lomwe nkhokweyo ikutsika. Akuluakulu a asilikali apamadzi, ngakhale ena omwe poyamba sankaifuna nkhondo ndi America, anafika ponena kuti ngati kumenyana kulipo, kuchitike tsopano sitima zidakali ndi mafuta. Zitsime zinali kummwera, ku Borneo ndi Sumatra. Kuti azilande n'kumatumiza mafutawo kwawo, anayenera kuchotsa Britain ku Singapore, kuchotsa America ku Philippines, ndi kulemaza sitima za America ku Hawaii. Kuphulitsa Pearl Harbor pa 7 Disembala 1941 kunali kutchinjiriza ulendo wokatenga mafutawo. Tarakan ndi Balikpapan, ku Borneo, zinagwa mu Januwale 1942, ndipo mu Febuluwale asilikali otsika pa ndege ndi maparachuti anatera pa mafakitale oyengera mafuta ku Palembang, ku Sumatra.

Zitsime anazipeza, koma njira ndiyo inawapha. Pakati pa Sumatra ndi Japan pali makilomita masauzande a nyanja, ndipo Japan inali itathera chuma ndi nzeru pa sitima zikuluzikulu zomenyera nkhondo, n'kunyozera timasitima toperekeza sitima za katundu. Sitima za America zoyenda pansi pa madzi zinayamba kusaka sitima za mafuta mwadala, ndipo mu 1944 zinamiza zambirimbiri. Chaka chimenecho gulu lalikulu la sitima zankhondo za Japan linakakhala ku Lingga, kufupi ndi Singapore, kutali ndi kwawo kumene kunali zipolopolo ndi amisiri, chifukwa chongofuna kuyandikira mafuta. Oyendetsa ndege atsopano ankapita ku nkhondo atauluka maola ochepa kwambiri pophunzira, popeza mafuta ophunzirira kunalibe. Itadutsa Malichi 1945 panalibenso sitima ya mafuta yochokera kummwera yofika ku Japan, ndipo anthu akumidzi ankatumidwa kukumba mizu ya mitengo ya paini kuti atchezemo mafuta a ndege.

Nkhani imodzi yomweyi mbali ziwiri zimatengamo zosiyana. Wa ku America amaona 1944 ndi 1945, n'kunena kuti mdani ukamudulira mafuta panyanja amafota. Wa ku China amaona zaka zomwezo n'kulumbira kuti zisadzamuchitikire. Chaka chimene ndimaona kuti sichipatsidwa kulemera kwake ndi 1941, pamene chiletso chomwe ankati chiletsa nkhondo ndicho chinaifulumizitsa. Dziko likaona kuti mphamvu zake zikutsika tsiku ndi tsiku, kudikira kumayamba kuoneka koopsa kuposa kumenya.

Koma China si Japan

Kufananako kuli ndi malire ake. China imakumba yokha migolo yoposa 4 miliyoni patsiku. Japan ndi zilumba, pamene China ili ndi malire apamtunda ndi Russia komanso Kazakhstan, mayiko ogulitsa mafuta. Magetsi a China sadalira mafuta: amachokera ku malasha, omwe ambiri amakumbidwa konko, ku madamu, mphepo, dzuwa ndi nyukiliya. Pa mphamvu zonse zimene dzikolo limagwiritsa ntchito, mafuta safika gawo limodzi mwa magawo asanu.

Komanso asilikali samwa mafuta ochuluka monga anthu amaganizira. Asilikali onse a America, ndi ndege ndi sitima zawo zomwazika pa nyanja zonse, sagwiritsa ntchito migolo yofika theka la miliyoni patsiku. Boma lokumba migolo 4 miliyoni likhoza kupatsa asilikali ake zonse zimene akufuna, n'kugawa zotsalazo kwa alimi, malole ndi mafakitale ofunika, eni magalimoto ang'onoang'ono n'kuwauza kuti akwere basi. Ndiye kutseka Malacca sikulasa msilikali. Kumalasa woyendetsa lole, mlimi wa thalakitala, fakitale ya mapulasitiki ndi nsalu, ndi ndege za anthu wamba. Amene anagonapo pamzere wa petulo akudziwa kuti mafuta akasowa chimene chimayamba kukwera ndi mtengo wa minibasi, kenako wa chimanga, kenako mkwiyo. Funso ndi lakuti anthu 1.4 biliyoni angapirire miyezi ingati. Mu 2022 chipani cholamula chinaonetsa kuti chikhoza kutsekera mzinda wa Shanghai m'nyumba kwa miyezi iwiri chifukwa cha Covid-19. Koma kumapeto kwa chaka chomwecho anthu anatuluka m'misewu ya mizinda ingapo kudana ndi malamulowo, ndipo pasanapite masabata ambiri boma linawachotsa. Zonse ziwirizi ndi zoona, ndipo wokonza nkhondo wa mbali iliyonse akhoza kusankhapo chomukomera.

Zimene Beijing yachita m'zaka makumi awiri

Choyamba chinali kufuna njira zapamtunda. Paipi yochokera ku Atasu ku Kazakhstan kufika ku Alashankou inayamba kugwira ntchito mu 2006, ndipo pano ikhoza kunyamula migolo 400,000 patsiku. Ina yochokera ku Skovorodino ku Russia inayamba kuthira mafuta ku Daqing komwe kuja mu Januwale 2011, ndipo ataiwonjezera inzake mu 2018 ziwirizi zinafika pa migolo 600,000. Yachitatu imayambira pa doko la Kyaukphyu ku Myanmar kupita chigawo cha Yunnan, ndipo inayamba kunyamula mafuta mu 2017. Imeneyi anthu amaitama kuti yalambalala Malacca, koma mafuta ake amafika pa Kyaukphyu pa sitima, atadutsa nyanja ya Indian yomwe ija, pafupi ndi zilumba za India. Komanso imadutsa m'dziko lomwe lili pa nkhondo yapachiweniweni chilandireni boma asilikali mu 2021. Doko la Gwadar ku Pakistan limatchulidwa kawirikawiri, koma paipi yokwera mapiri a Karakoram kukafika ku Kashgar, kumadzulo kwa China, sinamangidwe, ndipo kukankhira mafuta pamwamba pa mapiri otalika choncho kungadye ndalama zosaneneka. Mukaphatikiza mapaipi enieni apamtunda, a Russia ndi Kazakhstan, mupeza migolo miliyoni imodzi patsiku pa migolo 11 miliyoni yogula kunja. Amathandiza, koma salowa m'malo mwa nyanja.

Chachiwiri ndi nkhokwe. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo mafuta ali pa sitima pakati pa nyanja ndi fodya wapachala. Kuyambira 2004 China inamanga mathanki osungira mafuta ku Zhenhai, Zhoushan, Huangdao ndi Dalian, kenako inawonjezera ena mkati mwa dziko ndi pansi pa nthaka. Boma sililengeza kawirikawiri kuti lasunga ochuluka bwanji, moti akatswiri akunja amayeza ndi zithunzi za setilaiti: denga la thanki yotere limayandama pa mafuta, ndiye mthunzi wa m'kati mwa thanki umaulula kuti mafuta atsika kufika pati. Ambiri amati zonse pamodzi, za boma ndi za makampani, zikufika pa migolo biliyoni imodzi kapena kuposerapo. Amenewo ndi mafuta olowa m'malo mwa ogula kunja kwa miyezi itatu, ndipo ndi kugawa mosamala angatalike kwambiri kuposa apo.

Chachitatu, chimene ine ndimachiona ngati chachikulu kuposa zonse, sichioneka ngati nkhani ya asilikali n'komwe. Mu Julayi 2024, kwa nthawi yoyamba, magalimoto ang'onoang'ono atsopano oposa theka ogulitsidwa ku China anali amagetsi kapena ophatikiza magetsi ndi petulo. Njanji za sitima zothamanga kwambiri, zoyendera magetsi, zadutsa makilomita 40,000. Galimoto iliyonse yochoka pa petulo kupita pa magetsi yachoka pa Malacca kupita pa mgodi wa malasha wa ku Shanxi kapena damu la pa mtsinje wa Yangtze. Ku Ordos ndi ku Ningxia kuli mafakitale osandutsa malasha kukhala dizilo, luso lomwe Germany inadalira pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndiponso lomwe South Africa ya tsankho inadalira kudzera ku kampani ya Sasol itaikidwa ziletso. Xi Jinping atayendera zitsime za Shengli mu Okutobala 2021 ananena kuti mbale ya mphamvu iyenera kukhala m'manja mwa eni ake, monga amanenera za mbale ya chakudya.

Chachinayi ndi sitima zankhondo. Mu Disembala 2008 China inatumiza sitima zake ku Gulf of Aden kukaperekeza sitima zamalonda zomwe zinkavutitsidwa ndi achifwamba a ku Somalia, ndipo kuchokera nthawi imeneyo yakhala ikusinthanitsa magulu kumeneko. Inali sukulu yabwino yophunzirira kukhala miyezi kutali ndi kwawo. Mu 2011 inasamutsa nzika zake zoposa 35,000 ku Libya nkhondo itabuka. Mu 2015 chikalata cha boma cha za chitetezo chinanena poyera kuti ntchito ya asilikali apamadzi si kulondera gombe lokha koma kutetezanso nyanja zakutali. Mu 2017 inatsegula kampu yake yoyamba yakunja ku Djibouti. Sitima yonyamula ndege ya Liaoning inayamba ntchito mu 2012, Shandong mu 2019, ndipo yachitatu, Fujian, anaitsitsira m'madzi mu 2022. Powerenga nambala, China ili ndi sitima zankhondo zoposa 370, kuposa dziko lina lililonse.

Koma mphamvu zimenezi zaunjikana kufupi ndi kwawo. Mizinga ya DF-21D inapangidwira kumiza sitima zoyandikira gombe la China, DF-26 imafika ku Guam, chilumba cha America m'nyanja ya Pacific, ndipo zilumba zochita kumanga za Fiery Cross, Subi ndi Mischief zili ndi mabwalo a ndege a makilomita pafupifupi atatu m'nyanja ya South China. Zonsezi zili kummawa kwa Malacca. Kumadzulo kwake, kuchokera pa mpata wa Hormuz, khomo la nyanja ya Gulf, kuli ulendo wa masabata, ndipo kampu imodzi ya Djibouti singaperekeze sitima zisanu tsiku lililonse kudutsa pakati pa Diego Garcia ndi Andaman. Akuluakulu a asilikali ku Beijing amadziwa zimenezi. Yankho lawo lenileni si kuteteza njira yonseyo. Ndi kuonetsetsa kuti nkhondo ikabwera ithe nkhokwe isanatsike.

Chimene chimakopa America, ndi chimene Beira inaphunzitsa

Kwa America, kumenyana kufupi ndi gombe la China ndi kulowa m'bwalo la mizinga ija. Ndondomeko yotchedwa AirSea Battle, yomwe inatchuka cha mu 2010, inkafuna kuphwanya malo oponyera mizinga ndi makina oonera adani mkati mwa China, koma ambiri anafunsa kuti kuponya mabomba pa nthaka ya dziko lokhala ndi zida za nyukiliya kudzathera pati. Mu 2012 T. X. Hammes, msilikali wopuma wa ku America, anafalitsa ganizo lina: osakhudza nthaka ya China, koma kuima kutali, pa Malacca ndi pa mipata ya ku Indonesia ya Sunda ndi Lombok, kumene mizinga yambiri ya China siifika bwino, n'kumaimitsa sitima zamalonda mpaka chuma chitafooka. Ganizoli limakopa chifukwa limagwiritsa ntchito zimene America ili nazo zambiri, ndipo limaoneka ngati lokhetsa magazi ochepa.

Kuno kwathu kummwera kwa Africa tinaonapo kutchinga mafuta panyanja ndi maso athu. Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu a ku Rhodesia, Zimbabwe wa lero, pa 11 Novembala 1965, Britain inaletsa kugulitsa mafuta ku dzikolo, ndipo nduna yaikulu Harold Wilson inauza atsogoleri anzake ku Lagos mu Januwale 1966 kuti boma la Smith likhoza kugwa m'masabata, osati miyezi. Mafuta a Rhodesia ankatsikira pa Beira n'kuyenda pa paipi kupita ku Feruka, kufupi ndi Mutare wa lero. Sitima ya mafuta yotchedwa Joanna V itafika pa Beira mu Epulo 1966, bungwe la United Nations linalola Britain kugwiritsa ntchito mphamvu, ndipo sitima zankhondo za Britain zinalondera khomo la Beira mpaka 1975. Paipi ija inaumadi. Koma mafuta anapitiriza kulowa, pa njanji kuchokera ku Lourenço Marques, yomwe lero ndi Maputo, ndi pa msewu kuchokera ku South Africa kudzera pa Beitbridge. Mu 1978 kafukufuku wa boma la Britain lomwelo anaulula kuti nthambi za makampani a Shell ndi BP zinkatenga nawo mbali. Amene anavutika msanga ndi Zambia, yomwe mafuta ake ankadzera ku Rhodesia: anachita kubwera nawo pa ndege ndi pa malole m'msewu woipa wochokera ku Dar es Salaam, mpaka anamanga paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710, yomwe inatsegulidwa mu 1968. Boma la Smith linakhala zaka pafupifupi khumi ndi zinayi.

Rhodesia inali kadziko kakang'ono kopanda gombe, koma mpandawo unali ndi zibowo chifukwa panali mnansi wofuna kuthandiza ndi amalonda ofuna phindu. China ili nazo zonse ziwiri, ndipo n'zazikulu. Mnansiyo ndi Russia, ya malire a makilomita oposa 4,000, yomwe ziletso za mayiko a azungu zaikankhira m'manja mwa Beijing chiyambireni nkhondo ya ku Ukraine mu 2022. Mu 2023 Russia inapitirira Saudi Arabia n'kukhala yogulitsa mafuta ambiri ku China, migolo yoposa 2 miliyoni patsiku, ena pa mapaipi, ena kudzera pa doko la Kozmino, kummawa kwa Russia, lomwe ulendo wake sudutsa pa Malacca. Za amalonda, yang'anani mafuta a Iran. Ali pa chiletso cha America, koma ochuluka kwambiri amathera ku mafakitale ang'onoang'ono oyengera mafuta ku Shandong. Amawatsanulira m'sitima ina pakati pa nyanja kufupi ndi Malaysia, n'kusintha mapepala, moti mabuku a kasitomu a ku China amaonetsa mafuta ochokera ku Malaysia ochuluka kuposa amene Malaysia imakumba.

Ndiye msilikali wa America woima pa Malacca aimitse sitima iti? Mbendera yake ndi ya Panama, Liberia kapena Marshall Islands, mwini wake ndi wa ku Greece, antchito ndi a ku Philippines ndi India, ndipo mapepala akuti ikupita ku South Korea. Mafutawo akhoza kugulitsidwa kangapo sitima ili panyanja, ikadutsa mpata n'kukhota. Khoswe akakhala pamkhate sapheka: mpata womwewo ndi umene umadyetsa Japan, South Korea ndi Taiwan, abwenzi a America omwe amadalira mafuta akunja kuposa China. Madzi a mpatawo ndi a Indonesia, Malaysia ndi Singapore, mayiko omwe malonda awo aakulu amachita ndi China. Saudi Arabia, Iraq ndi Angola akauzidwa kuti asiye kasitomala wawo wamkulu, sadzangopinda manja. Ndipo kutchinga njira ya dziko lina ndi mchitidwe wa nkhondo, ngakhale osaomba mfuti. Beijing singakhale chete kuona nkhokwe ikutsika mwezi ndi mwezi, monganso Tokyo sinakhale chete.

Mawotchi awiri

Apa ndi pamene mafuta amaumba mapulani moonekeratu. China ili ndi mphamvu kufupi ndi kwawo komanso m'masabata oyamba, choncho ikukonzekera nkhondo yaifupi, yachiwawa kwambiri pachiyambi, yoti Taiwan igwe dziko lisanasonkhane. America ili ndi mphamvu kutali komanso m'miyezi yakutsogolo, choncho imapindula nkhondo ikatalika. Koma chida chimene chimafuna chaka kuti chilume sichingapulumutse chilumba chimene chingagwe m'mwezi umodzi. N'chifukwa chake America singadalire kutchinga kokha, ndipo ikugulitsa mizinga ku Taiwan, kumwaza asilikali ake ku Philippines ndi kumpoto kwa Australia, kuti mwezi woyambawo usakhale womaliza. China nayo ikadziwa kuti nthawi ili ku mbali ya mnzake, imakopeka kumenya Guam ndi makampu a ku Japan tsiku loyamba, monga anaganizira akuluakulu a ku Tokyo mu 1941.

America nayo ili ndi vuto lake la mafuta, ngakhale ndiyo imakumba ochuluka kuposa dziko lililonse, migolo pafupifupi 13 miliyoni patsiku mu 2023. Vuto lake ndi mtunda. Taiwan ili makilomita 130 kuchokera ku China pamene mpata wachepetsetsa, koma ili makilomita pafupifupi 8,000 kuchokera ku Hawaii. Dontho lililonse la mafuta a ndege liyenera kuwoloka nyanja ya Pacific pa sitima zochepa, zomwe China ikudziwa kuti ikazimiza zina zonse ziima. Mu 1941 ndege za Japan zinasiya mathanki a mafuta a pa Pearl Harbor osawakhudza, ndipo Chester Nimitz, yemwe anatsogolera asilikali apamadzi a America ku Pacific, ananena pambuyo pake kuti akanawaphulitsa nkhondo ikanatalika ndi zaka ziwiri. Nkhokwe yapansi pa phiri ya Red Hill ku Hawaii, ya malita pafupifupi 950 miliyoni, inamangidwa m'zaka zomwezo poopa mabomba. Mu Novembala 2021 inadontha n'kuipitsa madzi akumwa a mabanja masauzande, ndipo mu Malichi 2022 boma linalamula kuti itsekedwe, mafutawo amwazidwe m'malo osiyanasiyana ndi m'sitima.

Koma wofooka kwambiri pa onse si China kapena America. Taiwan imagula kunja zoposa 95 peresenti ya mphamvu zake. Gawo lalikulu la magetsi ake limachokera ku gasi wobwera pa sitima, ndipo mathanki ake amasunga gasi wa masiku pafupifupi 11. Makina ake omaliza a nyukiliya anazimitsidwa mu Meyi 2025. Dziko la China, lomwe lakhala zaka makumi awiri likuphunzira kuopsa kodulidwa mafuta, laphunziramonso kadulidwe kake. Mu Ogasiti 2022, Nancy Pelosi, yemwe anali sipikala wa nyumba ya malamulo ya America, atayendera Taipei, likulu la Taiwan, asilikali a China anatseka zigawo zisanu ndi chimodzi za nyanja kuzungulira chilumbacho, zina pafupi ndi njira zolowera ku madoko a Kaohsiung ndi Keelung. Mu Okutobala 2024 analengeza okha kuti akuyeserera kutchinga madoko akuluakulu, ndipo mu Epulo 2025 anati ayeserera kuomba madoko ndi malo osungira mphamvu.